Felesta Anamwalira Akuimba Chitaliyana

Champhira, Mzimba
14 Ogasiti 2012

Mwana wanga Justus,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko pamodzi ndi mpongozi wanga Iness. Kuno tilipo, mawondo okha ndiwo akulira ngati njinga yopanda girizi.

Koma ndakwiya nawe chomene. Unalola pa foni kuti mwana wako Felesta alowe m'sewero la Mtaliyana wophunzitsa kwaya ku Boma, osafunsa n'komwe zili m'katimo. Ati dzina lake opera. Sayankhula, n'kuimba kokhakokha, ngakhale popempha madzi.

Ine nditamva kuti mdzukulu wanga ndiye mwini nyimbo, ndinaitana a kwa Mhango, amene anatula kale malowolo kuti mwana wawo Feston amukwatire. Ndinawakhazika kutsogolo m'holo kuti aone bwino.

Anaonadi. Felesta ali gone pabedi, kumaso atamupaka ufa, akutsokomola. Kunabwera mphunzitsi wina wandevu, mwamuna wa mwini, n'kumukumbatira, n'kumupsompsona pachipumi anthu onse akuona. Mwana wako anatha theka la ola akufa, uku akukuwa m'Chitaliyana. Ndaika anthu ambiri m'manda, koma wodwala chifuwa wa mpweya wotero sindinamuonepo.

Atatsirizika, azakhali a Feston anadziponya pansi n'kuyamba kulira maliro enieni, mpaka kutchula mayina a makolo. Mbwenu malemu aja n'kudzuka, n'kumwetulira, anthu akuwomba m'manja.

Tchimo langanso ndinene. Wandevu uja atamukumbatira, ndinaimirira n'kumuuza kuti agwire pang'onopang'ono, poti eni ake ali pompo ndipo ng'ombe zinalowa kale m'khola. Holo yonse inaseka ikuloza Feston. Iye anatuluka osatsanzika.

Lachiwiri lapitali kunabwera thenga wa a Mhango. Akuti mtsikana woliridwa ali moyo ndi malodza, sangalowe pakhomo pawo, komanso Feston sakupondanso kumsika chifukwa anzake amamutsokomolera. Ndinayankha kuti akufa a ku Italiya amadzuka okha, palibe choopa. Thenga sanaseke.

Mtaliyanayo ndinamulondola. Akuti kwawo anthu amalira n'kupita kukadya. Ndinamuuza kuti kuno misozi ya maliro sitibwereka.

Felesta amamufuna Feston, usakayike. Sakudya. Ine sandiyankhula, madzi osamba amangotula n'kuchoka. Mwana amene ndinkamuseketsa mpaka kugwa pansi.

Ndapota, imbira a Mhango foni lisanafike Loweruka, tsiku limene anena kuti adzatsegula khola n'kutenga ng'ombe zawo. Iwe amakumvera poti unabadwa wosaseka ngati amayi ako. Uwauze kuti ndikagwada pakhomo pawo ndi mbuzi, ndipo woyankhula adzakhala mng'ono wanga, ine ndidzangoti yewo. Ukazengereza, ukwati wa mwana wako tidzakhala taupha awiri, iwe ndi foni yako, ine ndi pakamwa pangapa.

Undiperekere moni kwa Iness ndi ana. Mulungu akusungeni m'dziko la eni.

Ndine bambo ako,
Goodson Jere