Moseliwa wa madzulo

Lachitatu, mwezi wa Juni. Chiperoni tsiku lonse, phiri silinaoneke n'komwe. Mtima wanganso uli choncho.

Tsamba langa la Chilomwe pa intaneti likufa ndikuona. Anthu analowa ambiri, koma ndikapempha kuti atumize mwambi, nyimbo kapena dzina la chakudya, onse zii. Ndanyengerera, ndayamikira ngakhale wotumiza chithunzi cha maluwa. Chimene amalemba n'chimodzi basi: "Moseliwa." Wina walemba zimenezi dzuwa likulowa, chonsecho ndi moni wa m'mawa. Anzake akumuombera m'manja.

Masana ndinapalasa njinga kupita kwa amalume ku Milonde. Iwo ndiye Chilomwe anayamwira. Ndinawapeza akuotha moto pakhonde, chifuwa chikuwavutabe. Nditatulutsa foni kuti ndijambule mawu awo, anaikankha.

"Bweza m'thumba chimenecho. Ku esiteti ankatiseka kuti ndife Anguru, mpaka tinaleka kuyankhula pa anthu. Lero ukufuna dziko lonse lindimve?"

Ndinati, "Amalume, masiku ano anthu akuchinyadira."

"Akunyadira chiyani? Moni?"

Ndinabweza foni m'thumba. Anandipatsa nanazi, ndinabwerako m'foni mulibe liwu ndi limodzi lomwe. Chifuwa chija sichinandisangalatse. Akapita, apita nazo zonse.

Tsopano ndatsegulanso tsamba kuti ndimukonze wa Moseliwa uja, ndimuuze moni woyenera wa madzulo. Chala chaima. Inenso sindiudziwa. Wondiuza anali pakhonde paja, ndipo ine ndinangoti foni, foni, osafunsa...