Amphaka odulidwa khutu

Lachitatu, Juni, Kabwata.

Lero sindikumva chilichonse, ngakhale kuzizira. M'mawa ine ndi anzanga odzipereka tinabweza amphaka kuseri kwa mafulati, aja tinagwira ndi misampha ya waya. Dokotala wa ziweto akawatseka kubereka amadula kansonga ka khutu, kuti tisagwire yemweyo kawiri.

Madzulo kunali mapemphero kwa ba Tembo, mkulu wa mpingo wathu. Tisanayambe anati, "Mwaona mapusi aya? Onse khutu yodula. Kuli munthu atenga makutu kupangila mankhwala. Mailo nigula poizoni." Kenako anandiyang'ana. "Ba Esnart, imwe muuka m'mawa-mawa. Simunaoneko?"

Ndinati sindinaone, manja anga akununkhabe tinsomba ta kapenta ta nyambo. Ndinaopa kuti ndikafotokoza anditcha mfiti, andilande ana a Sande sukulu amene ndimawaphunzitsa. Anapemphera kuti amphakawo afe, ndipo ndinayankha Ameni pamodzi ndi onse.

Ambuye, ndinanama pa mapemphero. Mphaka wamkazi wamawangamawanga ali pakhomo panga akudikira chakudya, bala lake silinapole. Ba Tembo amalawirira kumsika, ndipo mawa akagula poizoni uja. Ndiyenera kukagogoda asananyamuke, koma ndikayamba ndi mawu ati...