Alovera wa achemwali Elestina

Milepa, Chiradzulu
Okutobala 2004

Okondedwa amalume,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tadzuka, kutopa kokha.

Alovera munatisiyira wopaka zilonda za achemwali Elestina uja ndinafuna achuluke. Ndinadula masamba onse n'kubzala m'mizere ngati chinangwa, n'kumathirira m'mawa ndi madzulo. Onse anawola. Mayi wina kumpopi ndiye anandiuza kuti masamba sabzala, amapatula tiana tophuka patsinde. Ndapatula tiwiri, tagwira.

Koma akuti tidikire chaka tisanadulepo tsamba. Zilonda zija sizikupola, ndipo masiku ano achemwali ndimachita kuwabereka popita kuchipatala. Sakulemeranso kumsana, amalume.

Tiana ta aloverato ndizitisamala ndithu. Koma inuyo musadikire Khirisimasi.

Ndine mwana wanu,
Yamiko