Lalanje Pakati pa Zipata Ziwiri

Fowlers Bay,
mwezi wa Juni

Wokondedwa mlongo wanga Warrick,

Ndiyambe ndi moni, poti amayi anatilera kuti ngakhale wabwera ndi ndewu uyambe wapereka moni. Uli bwanji ku Esperance kumeneko? Nanga mlamu wanga Simone, msana uja unasiya? Ana akukula bwino? Kuno alamu ako a Des ali bwino, angonenepa ndi nsomba. Tahlia wathu m'thupi ali bwino, koma nkhope yake ukaiona ungati tinachita kumuba. Ine ndilipo. Za amayi ndikuuza m'munsimu, usathamange.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni sitikumvana. Kuno foni imagwira ukakwera pamwamba pa chulu cha mchenga, ndipo ndikangoyamba kufotokoza iwe umati, "Rae, tayani chimtengocho, ndidzawagulira ina khumi kuno," kenaka akuti sitima yafika padoko, wadula. Kalata sungaidule. Khala pansi uwerenge.

Unachita bwino kuwamangira amayi kanyumba kuseri kwako ndi kuwapezera dokotala wa mtima, zimenezo sindikutsutsa. Ndege anakana, ati akufuna aone dziko komaliza, ndiye tinawakweza m'galimoto yogonamo ya a Des ija, imene Tahlia anaitcha Kamba poti imayenda ndi nyumba kumsana ndiponso liwiro lake n'lomwelo. Zovala amayi anatenga zochepa. Chimene anakakamira ndi kamtengo ka lalanje ka mu ndowa.

Ukuti chimtengo chifukwa sukudziwa. Ukukumbukira kuti bambo anatidzalira aliyense mtengo wake tsiku lobadwa, kuseri kwa shedi ku Waikerie. Atayamba kudwala anadula kadiso, paja potulukira mphukira, pa mtengo wako uja n'kukamezanitsa pa mbande, ine ndikuwagwirira mpeni. Amene anagula munda anazula zonse kuti adzalemo mitengo ya mtedza wa amondi. Pa mitengo yonse imene bambo anaigwirapo moyo wawo wonse, watsala ndi umenewu basi. Wanga wa mandimu palibe anaukumbukira, unapita ndi thalakitala. Zimandiwawa mpaka lero, ndipo ndanena.

Tonse tikudziwa kuti mtengo wa lalanje sudutsa pachipata cholowera kwanuko, boma limaletsa mbewu ndi zipatso poopa matenda ndi tizilombo. Tinakulira pa lamulo limeneli. Tinagwirizana kuti tiusiya kwa msuweni wathu Bev ku Port Augusta, amayi n'kuvomera ndi mutu. Mtengowo unali ndi lalanje limodzi, loyamba chiumezanitsire, lobiriwira ndi lolimba ngati mwala. Palibe analilabadira.

Tinayamba ndi kumapiri a Flinders. Kumeneko m'mamawa kumagwa chisanu choti madzi a m'ndowa amauma, ndiye amayi ankaufunditsa mtengowo jekete la bambo, lalanje n'kuliveka sokosi. Iwo kumagona ndi bulangeti limodzi. Tsiku lina a Des anautulutsa kuti uwothere dzuwa ife titapita kukaona phompho, ndipo pobwera tinapeza mbuzi zakutchire zadya masamba a mbali imodzi. Amayi sanakalipe. Anangosiya kuwayankhula a Des, tiyi ankapempha kudzera mwa Tahlia, "Uwauze abambo ako kuti shuga wachepa," munthu ali pomwepo akuwatsanulira.

Pa Port Augusta, Bev atakonza kale malo pakhonde, amayi anati mtengo wovulala sausiya kwa alendo, tiusiye kutsogolo ukachira. Ku Streaky Bay kunali mayi wina wa kutchalitchi wokonda maluwa. Amayi anayang'ana bwalo lake n'kunena kuti mphepo yamchere yachuluka. A Des ankaweza nsomba padoko, Tahlia akulimbana ndi sukulu yake ya pakompyuta, ine ndikudziuza kuti mawa avomera. Tinadutsa Ceduna mtengo uli pampando, atauumanga lamba ngati munthu.

Msewu wa Nullarbor ukuudziwa, sindikuuza zambiri. Tinaima pamaphompho kuona anangumi ndi ana awo m'munsi. Amayi sanathe kufika pothera kanjira, anakhala pabenchi akupuma ngati athamanga. Ndi pomwe ndinaona kuti nsapato zawo sizikumangikanso, mapazi atupa.

Pachipata panali zija za masiku onse. Anthu aimika magalimoto m'mbali akudya zipatso zawo mwaliwiro kuti zisapite m'bini. Bambo wina wa ku Queensland ankatafuna matimati ngati chilango, mkazi wake akuyenda galimoto ndi galimoto kugawa nthochi, amvekere, "Thandizeni abale, mwamuna wanga aphulika." Tahlia anaseka koyamba chichokere kwathu.

Apa m'pamene alamu ako anabwera ndi nzeru zawo. Anati tiuike mtengo m'bafa, tiuunjikire matawulo ndi zovala zakuda, palibe wofufuza amene angafune kugwira makabudula awo amkati. Ine, ndisakunamize, ndinavomera.

Amayi anawayankhula a Des mwachindunji koyamba chichokere kumapiri. Anati, "Desmond, ine ndakalambira m'munda wa malalanje. Ndinamuona malemu mwamuna wanga Erwin akukwirira zipatso za chaka chonse m'dzenje chifukwa chitsiru china chinabisa pichesi m'chikwama n'kutibweretsera ntchentche zowononga zipatso. Lero ukufuna chitsirucho ndikhale ine?" A Des anangovula chipewa n'kukanda m'mutu.

Mtsikana wofufuza atafika pazenera, amayi anayamba okha kumuuza kuti tili ndi mtengo wa lalanje, dothi lake ndi chipatso chimodzi. Anali mwana waulemu. Anapepesa, nati mtengowo sungadutse, ndipo ukatsala pamenepo amauwononga. Amayi anamuyamikira kuti akugwira bwino ntchito yake, anamufunsanso kwawo ndi kuti. Kenaka anati, "Des, tembenuza galimoto."

Ndinakuwa, Warrick. Anthu a matimati aja anasiya kutafuna. Mtsikanayo anatichenjeza mwachifundo kuti tikabwerera, chipata cha ku Ceduna chimafunsa ochokera mbali ino mafunso omwewo, ndipo tilibe chosonyeza kumene mtengowo unachokera. Amayi anati akudziwa. Anayankha mofatsa moti ndinachita mantha.

Ndiye ndi mmene tapezekera kuno. Kutsogolo chipata, kumbuyo chipata, ife pakati ndi ndowa. Tinabwerera mpaka pa Fowlers Bay poti pali pobisalira mphepo. Mayi Yvonne, amene amayang'anira malo oimika magalimoto, atisunga ngati abale. Madzi kuno ndi a mvula ya m'thanki, ogawana mosamala, ndipo amayi amasamba ndi kansalu kuti gawo lawo lipite mu ndowa. A Des amati m'banja muno wolemekezeka ndi mtengo, kenaka apongozi, kenaka Kamba, iwo amabwera pambuyo pa zinyalala.

Tahlia anayesa kuthandiza. Anati lalanje likapsa tingotenga njere, agogo akadzale kwa amalume. Amayi anaseka mpaka kutsokomola, amvekere, "Mdzukulu wa Erwin sadziwa kuti lalanje la mchombo lilibe njere? Tinakulera ndi chiyani iwe?" Anati ngakhale likanakhala nazo, njere nazonso sizidutsa.

Tsopano za thanzi lawo. Sabata yatha mwamuna wa Yvonne anatitenga pa galimoto yake kupita kuchipatala ku Ceduna, a Des atatsala kulondera mtengo. Namwino anawonjezera mankhwala ochotsa madzi m'thupi, koma ananditengera pambali n'kundiuza kuti mtima ukutopa, afunika dokotala wako uja msanga, osati mwezi wamawa. Amagona chokhala, atatsamira mapilo. Kuchoka pa Kamba kufika pomwe timachapira amaima kawiri. Ukawaimbira tili pena pomwe foni ikugwira amati ali bwino, ndipo iwe umakhulupirira chifukwa n'zimene ukufuna kumva.

Dzana m'mawa ndinatopa nazo. Ndinaganiza kuti amayi akudikira lalanjelo, ndiye likachoka palibenso chodikira. Ndinatuluka ndikuyesa kuti akugona, ndinavula sokosi ija, ndinaligwira. Ndinangomva mawu pazenera kumbuyo kwanga, "Ngati ukuthyola upotokole, usakoke. Ung'amba khungwa."

Ndinalisiya. Ndinakhala pa sitepe ya Kamba n'kulira ngati mwana, ndikuwafunsa ngati akufuna kufera m'chipululu chifukwa cha chipatso choti kusitolo n'chosawerengera. Anatuluka pang'onopang'ono n'kukhala pambali panga.

Anati iwo si amisala, ndipo ankadziwa kuyambira ku Waikerie kuti mtengowo sudzafika ku Esperance. Bev, mayi wa ku Streaky Bay, zonse zija ankangotinyengerera kuti tiyandikire kwa iwe. Anati bambo, masiku awo omaliza, malire olowera chigawo chakwanuko atatsekedwa chifukwa cha mliri, ankafunsa za iwe m'mawa uliwonse, ndipo atazindikira kuti sufika anawauza kuti, "Lorna, chipatso choyamba adye mwini wake." Amayi analonjeza. Mtengo unatenga zaka osabereka, iwe sunabwere, munda unagulitsidwa. Chaka chino wabereka limodzi.

Anati, "Lalanje limeneli njira yolowera kwa Warrick ndi imodzi yokha, m'mimba mwa Warrick. Ngati aja a matimati."

Ndinawafunsa chifukwa chake sanakuuze okha. Anati anakupempha kamodzi kuti ubwere udzaone manda malire atatsegulidwa, unati ntchito, ndipo iwo sapempha mwana wawo kawiri. Nkhani ya bamboyi anandiletsa kukuuza, ati ungabwere chifukwa cha manyazi. Ndaphwanya lamulo lawo. Bwera ndi manyaziwo, sindisamala, bola ubwere.

Ndikudziwa chimene chimakuletsa, usaganize kuti sindidziwa. Maliro unawaonera pafoni uli m'khitchini mwako, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse cha mbali ino umachizemba. Kanyumba unamanga, dokotala unapeza, zonse zimene munthu angachite osawoloka chipata chija. Palibe anakuimba mlandu, Warrick, malire sunatseke ndiwe. Bambo sanakwiye. Akanakwiya sakanathera mphamvu zawo zomaliza pa mtengo wako, mandimu anga ali pomwepo.

Inenso ndatopa, ndinene. Ndinawasambitsa bambo, ndinalongedza nyumba, ndayenda ulendo wonsewu ndikugona pabedi lopinda miyendo, mwana wanga akutsalira kusukulu. Sindikuwerengera, koma chatsalachi sindingakuchitire. Ndikanatha kudya lalanjelo m'malo mwako ndikanadya kalekale, ndi makoko omwe.

Yvonne watipatsa malo kuseri kwa thanki, pamene khoma limatchinga mphepo ya kunyanja. A Des akumba kale dzenje, akuya kuposa muyeso pofuna kupepesa za mbuzi zija. Amayi akuti ukadya, udzale mtengowo ndi manja ako monga bambo anakuphunzitsira, pomezanitsa pakhale pamwamba pa dothi, ndipo tsiku lomwelo akwera Kamba kupita kwanuko osatembenuka. Ndawafunsa katatu, ndipo sananamepo pa zinthu zotere.

Uza abwana ako kuti sitima zidikire. Ukanyamuka m'mawa ukagona pa Eucla, mawa lake uli pano. Pachipata chakwanu potuluka palibe adzakuimitse. Usabwere ndi kanthu, kaya mphatso kaya mawu okonzeratu. Amayi sakufuna kupepesedwa.

Undiperekere moni kwa Simone, umuuze kuti makatani a m'kanyumba amayi awakonda pachithunzi ngakhale sanganene. Upsompsone ana. A Des akuti ubwere ndi nyambo yabwino, ine ndati usawamvere. Tahlia akuti amalume fulumirani asanakwatiwe ndi msodzi. Mulungu akusunge panjira, ndipo usayendetse kukada, makangaru achuluka mumsewu.

Lero m'mawa amayi avula sokosi kuti aone. Lalanje lapsa, mbali zonse. Anandiuza kuti pamtengo likhoza kudikira milungu ingapo osawonongeka. Za lalanje ndikuwakhulupirira, amadziwa. Koma anandiuza zimenezi atagwira chitseko ndi manja onse awiri, akupuma pakati pa mawu.

Ndine mlongo wako,
Raelene