Zithunzi za ku Mbali ya Amayi

Multan

Okondedwa achimwene anga a Tauqeer,

Mtendere wa Mulungu ukhale nanu. Muli bwanji ku Sharjah kumeneko, inu ndi alamu anga a Nighat? Nanga Hooria mano aja anamera, kapena akadakulumani ndi nkhama? Ife kuno tili bwino. Mayi athu Ammi bondo lija likumawavuta kukazizira, koma kukalipa sanasiye, ndiye dziwani kuti mphamvu akadali nazo. Bambo athu Abba ayamba kuyenda okha ndi ndodo, ndipo masana amatsika kudzakhala pampando wawo m'situdiyo mwathu mojambulira zithunzi. Mawu ndiwo sakutulukabe bwino chidwalireni, koma maso awo mukuwadziwa, amanena zonse.

Mudabwa kulandira kalata ya papepala kuchokera kwa munthu wokhalira kompyuta tsiku lonse. Ndachitira dala. Pafoni inu mumandidula pakamwa ndisanafike n'pakati pomwe, kenako mumati tikambirana mawa. Pepala simungalidule. Ndapatsira mwana wa aneba amene akubwerera kumeneko, pamodzi ndi chitini cha halwa, chakudya chotsekemera chija, chimene Ammi akuti musakagawireko anzanu a kuntchito.

Ndiyambe ndi kuthokoza, kuti musati mlongo wanga ndi wosayamika. Pulogalamu yoyendetsera situdiyo imene munatiikira Abba atadwala yandipepuza kwambiri. Nyengo ya maukwati ino sindinalonjezepo mabanja awiri tsiku limodzi, monga ankachitira Abba ndi kalendala yawo ya pakhoma. Imakumbutsa makasitomala yokha, imandiuza kamera iti ili ndi ndani, ndipo zithunzi zikakonzeka imatumiza linki kwa mwini wake ine ndikumwa tiyi. Ndikuidziwa tsopano kuposa inu amene munaigula, musakhumudwe.

Koma walira mvula walira matope. Mukumbuka kuti poiika, munadzilemba inuyo ngati mwini situdiyo, ine n'kundilemba ngati wantchito. Munati ndi zongolemba chabe. Ndinakhulupirira.

Mukumbukanso kuti mwezi watha munandikalipira kuti ndisiye kuzungulira m'makomo pa riksho, katakisi kaja ka matayala atatu, ndi mafulashi osungira zithunzi m'chikwama, zonse zizidzera m'pulogalamu. Zithunzi za ku mbali ya amayi, kumene akazi amakhala paokha paukwati, ndinali ndisanaziikepo mmenemo. Ndinkazipereka ndi dzanja langa kwa mkwatibwi kapena kwa mayi ake, basi. Koma ndinati achimwene anena, tiyeni tiyese.

Ndiye unabwera ukwati wa mwana wamwamuna wa a Malik Dilawar, aja a minda ya mango. Mkwatibwi anali Areesha, ndipo abambo ake anali atakana kuti kamera ilowe kumene kuli amayi. Anavomera pokhapokha atamva kuti wojambula ndi mkazi, ndipo mayi ake a mtsikanayo anandigwira dzanja n'kundilumbiritsa kuti palibe mwamuna amene adzaone ngakhale chimodzi. Ndinalumbira, achimwene. Inu ntchito ya ku mbali ya abambo mukuidziwa, koma uku simunaloweko chikulireni. Chitseko chikatsekedwa, mipango imachoka kumutu. Atsikana amavina tsitsi lili pamsana, ndipo azimayi amene mumawaona akuyenda chowerama pamsika amasanduka anthu ena.

Tsiku lopaka mehndi, utoto uja wokongoletsera m'manja, akazi awo a Malik, mayi Surraya, anadzuka pakati pa nyimbo. Mayi aja ofatsa, amene mawu awo sindinawamvepo akupitirira pakhomo. Anamanga mpango m'chiuno n'kuvina mpaka atsikana onse anakhala pansi kuwaombera m'manja. Atatha, akupuma wefuwefu, anandikokera pakona n'kunena kuti, iwe mwana wa wojambula, ngati wanditola, chimenecho ndi changa ndekha, wamva? Ndinati ndamva, mayi.

Zithunzi za abambo ndinaziika kale ndipo a Malik anazilandira. Za amayi ndinazikonza ndekha, chitseko chotseka, ndipo Lachisanu masana ndinazitsegulira malo akeake m'pulogalamu. Ndinalembapo dzina la Areesha ndi nambala ya foni yake. Ndinadina kuti zakonzeka. Nthawi yomweyo pamzikiti wapafupi anali akuitanira mapemphero.

Uthenga unatuluka pakompyuta woti linki yatumizidwa kwa a Malik Dilawar.

Achimwene, ndinauwerenga kawiri uthengawo. Amene anapanga pulogalamuyi, kaya ali dziko liti, kwawo amene walipira ndiye mwini zithunzi zonse. Sadziwa kuti kuno wolipira amakhala mwamuna, ndipo theka la ukwati si lake. Dzina la Areesha linali chokongoletsera chabe. Ndipo a Malik mukuwadziwa, chilichonse chofika pafoni yawo amachiponya pagulu la achibale asanachiwerenge n'komwe, kenako foniyo imazungulira m'manja mwa amuna onse okhala nawo pabwalo. Madzi akatayika saoleka. Amene akanasenza mlandu si a Malik, si inu. Ndi mtsikana amene wangolowa kumene m'nyumba ya eni, ndi ang'ono ake osakwatiwa, ndi ine amene ndinalumbira.

Ndinathamangira pamene pali batani lotsekera linki. Pulogalamu inandiuza mwaulemu kuti zimenezi angachite ndi mwini situdiyo yekha. Ndinakuimbirani. Sindikuwerengerani kuti kangati, munaona nokha pafoni yanu. Inunso munali mumzikiti, foni ili chete m'thumba, ndipo pamenepo sindikukuimbani mlandu.

Koma ndi zomwezo zimene zinandipatsa nzeru. Ngati inu muli mumzikiti, a Malik nawonso ali mumzikiti, pamzere woyamba monga amakondera kuti anthu awaone. Foni sangaigwire mpaka atatuluka. Ndipo wantchito, ngakhale sangatseke linki, amaloledwa kufufuta zimene waika yekha. Chimodzichimodzi, ndipo chilichonse pulogalamu imayamba yafunsa ngati ndikutsimikiza. Ndinkatsimikiza, achimwene. Chibadwire sindinatsimikizepo chinthu chonchija.

Ndinakuwira Ammi kuti atsike. Anabwera ndi ufa m'manja akufunsa ngati kwagwa maliro. Nditawafotokozera m'mawu awiri, anangopita kukaima pawindo loyang'ana kumzikiti.

Shehe wathu ndi yemwe uja munamusiya, amene ulaliki wake umapsereza ndiwo za m'dera lonse. Zaka zonsezi Ammi akhala akumunena kuti akayamba kulankhula amaiwala kuti anthu ali ndi mimba. Tsiku limenelo ndinawamva pawindo akumuchonderera chapansipansi, akuti musafulumire a shehe, za ulemu kwa makolo mwangozikhudza pang'ono, za moto wa tsiku lomaliza simunazifike n'komwe. Ndinaseka misozi ili m'maso, chala chikudinabe.

Ndinayamba ndi Areesha. Kenako ang'ono ake. Kenako atsikana ena, kenako azakhali. Intaneti inali kukwawa ngati ngolo ya bulu yodzaza njerwa. Ulaliki unatha, anthu anaimirira kupemphera, ndipo Ammi anasiya nthabwala. Anangoti, mwana wanga, ayamba kufunafuna nsapato.

Zomaliza zinali za mayi Surraya. Ndinachita manyazi kuti ndinawasiya kumapeto, iwo amene anandipempha pakamwa pawo. Chomaliza chawo chitachoka, sindinapume n'komwe, pakompyuta panaoneka chizindikiro chija chobiriwira chosonyeza kuti kasitomala watsegula linki. Munali mutatsala chithunzi chimodzi chokha, cha mbale ya mehndi yozunguliridwa ndi makandulo, popanda munthu.

Dzuwa lisanapendeke a Malik anatulukira pakhomo atakwiya. Akuti kodi ine ndimalipira zithunzi za mbale? Uthenga ukuti za amayi zakonzeka, zili kuti? Ndinawapatsa mpando, anakana. Ndinawauza kuti uthengawo unalakwika ndipo ndapepesa, kuti za ku mbali ya abambo zonse ndi zawo, ngakhale za amalume awo akugona pambali pa mbale ya mpunga, koma za amayi zili ndi eni ake. Akuti m'nyumba mwanga mulibe chinthu chimene si changa. Ndinati zoona bwana, koma muno ndi m'situdiyo.

Pamenepo anafunsa kuti mwamuna wa pamalo pano ali kuti, alankhule ndi munthu womva. Ndinawalozera Abba pampando wawo. A Malik anawafotokozera zonse mokweza, ngati odwala ziwalo amagonthanso makutu. Abba anawayang'ana mpaka anamaliza, kenako anakweza ndodo n'kuloza ine. A Malik anatuluka akunena kuti akuimbirani inuyo. Akaimba, chonde musandipepesere. Chimene ndinalakwa ndinapepesa kale ndekha, china chopepesa palibe.

M'mawa mwake ndinakwera riksho ndi fulashi m'chikwama, monga kale. Ndinayamba kwa mayi ake a Areesha, kenako kwa mayi Surraya, ndipo konse ndinanena zoona zake. Ammi ankati ndingokhala chete poti palibe chaoneka. Ine ndinati ayi, anandipatsa nkhope zawo, ayenera kudziwa kumene zinatsala pang'ono kukafika.

Mayi Surraya ndinawapeza okha kukhitchini. Ndinawapatsa chithunzi chawo chotsukitsa, mu envulopu. Anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kugwira pakamwa. Akuti ndine ameneyu? Chikwatiwireni sindinadzionepo ndikuseka mano onse pamtunda. Anakachibisa m'bokosi la zofunda za nyengo yozizira, pansi penipeni, akuti kumeneko bambo wa ana awo sanapisepo dzanja chimangireni nyumbayi.

Atabwerera anandithirira tiyi, ndipo sanandikalipire monga ndinkayembekezera. Anangondifunsa funso limodzi. Akuti mwana wanga wamkazi akukwatiwa miyezi ikubwerayi, ndipo ndikufuna iweyo, osati wina. Koma tandiuza, zoterezi zikadzachitikanso, ungathe kutseka wekha, kapena udzadaliranso shehe kuti atalikitse ulaliki?

Achimwene, sindinafune kuwanamiza. Ndinawauza kuti ndiwayankha Lachisanu la sabata yamawa, osati likubwerali.

Ndiye pempho langa ndi ili. Ndisandutseni mwini situdiyo m'pulogalamu, ndipo mawu achinsinsi akhale ndi ine. Ndaona kale pamene ndikasinthe kuti linki iliyonse isamachoke ndisanaone nambala imene ikupita, ndiponso kuti zithunzi za amayi zizikhala ndi mawu awoawo otsegulira, odziwa mkwatibwi yekha. Ndi ntchito ya nthawi yofulira tiyi. Koma batani lake limandiuza kuti ndine wantchito.

Ndikudziwa chimene chikukugwirani. Mukuopa kuti achibale adzati mwana wamwamuna wa m'nyumba muno wasiyira mlongo wake chuma cha bambo ake. Anene. Achibale amenewo sanagwirepo kamera kuyambira m'mawa mpaka mkwatibwi atatsanzikana ndi mayi ake, ndipo palibe mmodzi wa iwo amene mayi wina anamugwira dzanja n'kumulumbiritsa. Inu mwatichitira zambiri, mankhwala a Abba ndi thukuta lanu, ndipo ndimakupemphererani tsiku lililonse. Malipoti onse muzidzawaonabe monga mukuwaonera. Koma lumbiro langa silingamakhale m'thumba la malaya anu kutsidya kwa nyanja.

Ndikuuzeninso ichi kuti musadzamve kwa Ammi chokometsera. A Malik atachoka tsiku lija, Abba anandikodola. Anavutika nthawi yaitali ndi dzanja lawo labwino lija mpaka anavula chingwe cha m'khosi, chija chokhala ndi kiyi wa chitseko chachitsulo cha situdiyo, amene sanamuvule ngakhale m'chipatala. Anachiika m'manja mwanga n'kupinda zala zanga. Anayesa kunena kanthu, sikanatuluke, ndipo ndinawauza kuti ndamva.

Musaganize kuti ndikupempha chifukwa chosowa njira. Ndikhoza kutsegula pulogalamu ina mawa m'dzina langa n'kusamutsa makasitomala onse, ndipo inu mungadzaone kalendala yanu ili mbee. Sindikufuna kutero. Ndikufuna kuti zichokere kwa inu, monga zachokera kwa Abba, kuti Hooria akadzakula adzamve kuti bambo ake anachita okha osakakamizidwa.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti nsalu ija ndinasoketsa ndipo yandikhala. Hooria mumupsompsone pamphumi. Ammi akuti muzivala juzi m'mawa, ngakhale ndawauza kuti kumeneko kulibe chisanu. Mulungu akusungeni, akudalitseni pantchito yanu, ndipo akubwezereni kwathu muli amoyo.

Lachisanu limenelo ndikupita kwa mayi Surraya, ndipo yankho langa ndi inde. Chitani kuti ndikanene inde ameneyu ndili ndi achimwene kumbuyo kwanga.

Ndine mlongo wanu,
Shagufta