Tsiku Limene Ndinapereka Mzinda Wathu kwa Adani

Sfax,
9 Novembala 2023

Okondedwa achimwene a Mongi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana, ngakhale ndikumva kuti ku Lyon chisanu chayamba kale kuluma. Azakhali a Zohra akubwera kumeneko Lolemba, ndiye ndawapatsira mafuta a maolivi a chaka chino, botolo la tsabola wosinja uja mumakonda, ndi kalatayi. Musadabwe kuti ndalemba pamanja. Pa foni bambo amakhala akumvetsera, ndipo pali zina zimene sindinganene iwo ali pomwepo.

Ndiyambe ndi kuulula bodza langa. Kompyuta ija munasiya mu Ogasiti, ija munaikamo gemu yolamulira maufumu akale, ndinkakuuzani kuti bambo akuigwiritsa ntchito. Ndinkanama. Inakhala pamwamba pa wadirobu milungu isanu ndi umodzi. Mtima unkandiwawa, achimwene. Ndinkati ine ndikuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza, koma mwana wawo wamwamuna wangobwera masiku khumi, wasiya chidole, n'kukwera ndege. Pepala lanu la malangizo ndinkakhazikapo ketulo ya tiyi. Mundikhululukire.

Mukudziwa mmene sitiroko inawasiyira: dzanja lamanja lofooka, lilime lolemera. Chimene simukudziwa n'choti mutangochoka anasiyiratu kulankhula. Munthu amene anaphunzitsa mbiri yakale zaka makumi atatu ndi zinayi sankafuna kuti wina amumve akupunthwa pa mawu. Anzawo omwa nawo khofi akabwera, ankangotembenukira kukhoma. Dokotala anandiuza kuti akapanda kulimbikira miyezi yoyambayi, mawuwo akhoza osabwereranso. Zimenezi sindinakuuzeni.

Amene anatsitsa kompyutayo ndi a Olfa, mayi amene amabwera kudzawachititsa mafizo Lachiwiri ndi Lachinayi. Ankafuna pilo pamwamba pa wadirobu, n'kukumana nayo.

"Nanga iyi ikudya fumbi chifukwa chiyani?" anandifunsa.

Nditawafotokozera anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Gemu imeneyi inatsala pang'ono kundithetsera ukwati! Amuna anga sankadzukapo, mpaka ndinati ndione nawo. Pano ndimawagonjetsa ndine. Bweretsani waya, tiilumikize ku TV."

Mapu atatuluka, bambo anaweramira kutsogolo. A Olfa anati, "Aphunzitsi, woyamba kumene amasankha dziko lalikulu, lapakona, lopanda adani ambiri." Bambo anakweza chala chakumanzere, n'kuloza dziko lathu lino, osachitsitsanso.

"Makani a aphunzitsi!" anatero a Olfa. "Chabwino, mufera kwanu."

Kuyambira pamenepo ine ndinakhala dzanja lawo. Iwo ankaloza, ine ndinkadina. Tsiku loyamba tinaputa ufumu wa pachilumba cha Sisile tilibe bwenzi ngakhale limodzi, zombo zathu zonse n'kumira. Tsiku lachiwiri asilikali anafa ndi njala m'chipululu. Tsiku lachitatu mfumu yathu inamwalira yopanda mwana, ufumu n'kugawanika. Bambo ankangomenya mpando ndi chikhatho.

Apa m'pamene ndinakatenga pepala lanu lija, lili ndi zipsera za tiyi, n'kuwawerengera mokweza. Munati tiziimitsa nthawi kaye tisanasankhe chochita, chifukwa gemuyo imadikira. Munati zaka khumi zoyamba tisayambe nkhondo, tipeze kaye bwenzi lamphamvu kuposa ife, ndipo ana a mfumu tiziwakwatitsa msanga kwa oyandikana nawo. Munalembanso kawiri, ndi zilembo zazikulu, kuti tisadine chilichonse tisanawerenge. Pansi penipeni munati, "Baba, ine ndinagonja kakhumi ndisanamvetse. Musataye mtima." Bambo anandilanda pepalalo, analiyang'ana nthawi yaitali, n'kulipinda ndi dzanja limodzi, n'kuliika m'thumba. Mpaka lero lili momwemo.

Malangizo anu anathandizadi. Ufumu wathu unakhala zaka makumi asanu ndi limodzi uli chilili. Ndiye kunabwera Lachinayi lija, milungu iwiri yapitayo. Anali masana, a Olfa akuwongola zala za bambo, ife tili pakati pa nkhondo imene inatikulira. Ine ndinali nditatereka nsomba pamoto, mtima uli kukhitchini. Adani anatumiza kalata yopempha mtendere, ndipo ine ndinangodina kuvomera kuti ndithamangire nsomba. Sindinawerenge, achimwene. Nthawi yomweyo mzinda wathu unasintha mtundu pa mapu, kukhala wa adani.

"Iwe Rafika! Wapereka Sfax ngati ukugawa nsomba zotsala pamsika!"

Ndinaima pakhomo la khitchini. Mawuwo anali okokeka, ena otafunika, koma chinali chiganizo chathunthu, ndipo anali mawu a bambo athu, aja ankatikalipira nawo tikachedwa kusukulu.

A Olfa anachita ngati palibe chachitika. "Mwati bwanji, aphunzitsi? Sindinamve."

"Mwamva... bwinobwino. Musandipusitse."

Nsomba zinapserera. Ndinakhala pansi kukhitchini utsi uli tolo, ndikulira ndi kuseka nthawi imodzi, kuchipinda bambo akupitirizabe kundinena kuti ndine nduna yosawerenga makalata.

Kuyambira tsiku limenelo akulankhula. Pang'onopang'ono, ndipo akatopa mawu amathawa, koma akulankhula. Lamlungu kunabwera a Bechir, anzawo aja ankagwira ntchito kudoko, ndipo bambo sanatembenukire kukhoma. Anawakhazika pafupi ndi TV n'kuwaphunzitsa za nkhondo zapanyanja pafupifupi ola lathunthu. A Bechir potuluka anandinong'oneza kuti, "Mwana wanga, sindinatolepo kanthu, koma ndibweranso mawa."

Tsono pempho langa ndi ili. Sfax akadali m'manja mwa adani. Tayesa kawiri kumulanda, takanika, ndipo a Olfa akuti zimenezo zawapitirira. Bambo akufuna kufunsa inu. Ndinati ndikulembereni uthenga pa foni, koma anakana, anati afunsa okha. Masiku atatu tsopano ndikumawamva kuchipinda akubwereza funsolo, kuyambira pa dzina lanu. Inu mukudziwa kuti bambo sanapemphepo mwana wawo kuti awaphunzitse kanthu, ndipo mukukumbukira zimene ankanena za magemu anu muli mnyamata. Chonde zimenezo musawakumbutse, ngakhale mwanthabwala.

Za ine musade nkhawa. Msana umavuta ndikawanyamula, koma ndazolowera. Mukadzabwera pa Idi, mudzayesetse kukhala kupitirira masiku khumi. Sindinena zambiri.

Zikomo, achimwene. Ndinakuweruzani molakwa. Inu munawadziwa bambo kumene ine, amene ndimakhala nawo tsiku ndi tsiku, ndinali nditaiwala.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwapsompsone m'malo mwanga. Kalatayi ikakupezani, muimbe Lachisanu anthu akatuluka ku mzikiti, pa foni ya bambo, osati yanga. Adzachedwa kuyankha chifukwa akufuna kudina okha. Akayamba kulankhula n'kuima pakati, musawamalizire mawu. Foniyo sinaduke. Mungodikira, afika.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Rafika