Lachinayi Sindikolopa M'nyumba

Midland, Perth
13 Sepitembala 2021

Okondedwa alamu anga a Connie,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi Amayi ndi ana kumeneko ku Kawale. Ndalemba papepala kuti ndijambule n'kutumiza, chifukwa tikamayankhula pa foni pakamwa panga pamangotuluka zoti kuno kulibe vuto. Bodza limeneli ndatopa nalo.

Mukudziwa kuti achimwene anu a Overstone anadwala sitiroko chaka chatha ali kuntchito ku Welshpool. Tinakuuzani kuti anachira, akungopumulako. Zoona zake n'zakuti dzanja ndi mwendo wakumanzere zinafa mpaka lero. Ndine ndimawasambitsa, kuwaveka ndi kuwadzutsa pampando, kenako n'kuthamangira kuntchito kwanga kosamalira okalamba, kumene ndimakanyamulanso anthu ena. Msana wanga wayamba kulira ngati bedi lakale.

Kuno boma lili ndi thumba lothandiza anthu olumala. Lingathe kulipira munthu wodzawasambitsa ndi kuika zogwirira kubafa, koma limapereka molingana ndi zimene munthu akulephera. Tsiku lotifunsa mafunso linafika mu Febuluwale, ndipo poti mliri unali utatitsekera m'nyumba, tinaonana ndi a ku ofesi ya thumbalo pa kompyuta. Alamu, ndinachita zimene mkazi aliyense wa kwathu amachita akamva kuti kukubwera mlendo. Ndinakolopa, ndinawameta ndevu, ndinawaveka jekete, ndodo yoyendera n'kuiponya kuseri kwa sofa. Anakhala tsonga ngati mkulu wa mpingo.

"Kodi mumasamba nokha?" anafunsa bambo wa ku ofesiyo.

"Kwambiri," anatero achimwene anu.

"Nanga kuphika?"

"Palibe chovuta."

Munthu woti ngakhale ali ndi manja awiri sanawiritsepo dzira! Ine ndinali pambali pawo ndikumwetulira ndi kuvomereza, ine yemweyo amene kuntchito ndimalemba mosabisa kuti agogo akutiakuti sangathe kugwira supuni. Anatipatsa wothandiza wa maola awiri pa sabata. Sindikuwadandaula anthuwo, analemba zimene tinawauza.

Lachisanu lapitali ndinaweruka 3 koloko masana n'kuwapeza ali pansi kubafa. Anagwa cha m'ma 11, foni ili pabalaza, mwana wathu Atikonda ali kusukulu. Maola anayi pa matailosi ozizira, koma mawu awo oyamba anali akuti, "Musauze munthu." Ndinachita mantha kwambiri, alamu. Ndinaona kuti tsiku lina ndidzatsekula chitseko chimenecho n'kupeza maliro, chonsecho malire ndi otseka, palibe wachibale angabwere kudzatithandiza.

Ndinaimbira a Nicole, mayi amene amatiyendetsera mapepala a thandizoli. Anandiuza za chimene amachitcha asesimenti. Pamabwera munthu wa zachipatala pakhomo, n'kuona ndi maso ake mmene wodwala akudzukira, akusambira ndi kuyendera, kenako n'kulemba lipoti. Ndinafunsa ngati kalata ya dokotala siingakwanire. Iwo anati, "Palibe akukukakamizani. Koma dokotala amalemba dzina la matenda basi, sadziwa zochitika kubafa kwanu. Popanda lipotili, a ku ofesi atsatira mawu a amuna anu omwe aja."

Nditawafotokozera achimwene anu, mumawadziwa mmene amatukulira mphuno. "Mayi a Atikonda, mukufuna mkazi wa eni andione ndikukwawa? Ine ndinkatsitsa mainjini a malole ndi manja awa." Masiku awiri sitinayankhulane bwino.

Tsono nachi chimene ndalembera inuyo osati wina. Pa chilangizo changa ndinu munandikhazika pamphasa n'kundiuza kuti za m'nyumba sizituluka panja, ndipo mkazi amaphimba manyazi a mwamuna wake. Ndasunga mawu anuwo zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo sindikuwanyoza. Koma kuno amene waphimba amauzidwa kuti alibe chosowa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndavomera kale kuti mayi wa asesimentiyo abwere Lachinayi m'mawa. Sindikolopa, sindiwameta, sindibisa ndodo. Akafunsa, ndinena ndi za Lachisanu zomwe. Manyazi ndili nawo, koma ndi bwino achimwene anu andikwiyire ali moyo.

Ndimafuna kukupemphani kuti muwaimbire Lachitatu muwanyengerere, poti ndinu nokha amene amakuopani. Koma ndikulemba chonchi pathebulo, andifunsa kuti ndikulembera ndani kalata yaitali ngati ulaliki. Ndalimba mtima n'kuwawerengera yonse kuyambira pamwamba. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Mwaiwala chimodzi. Mabatani a malaya ndimalepheranso kumanga. Mulembe chimenecho, ndiponso mudzandikumbutse Lachinayi ndidzamuuze mayiyo."

Ndiye ndalemba monga anenera. Muwaimbirebe Lachitatulo, koma musawakalipire, mungocheza nawo.

Atikonda akupereka moni, m'Chingerezi chake chomwecho. Mundiperekere moni kwa Amayi, ndipo muwawerengere kalatayi osadumpha mzere, mutawagwira dzanja. Achimwene anu akuti muwauze Amayi kuti awakhululukire powabisira, ndipo akuti pa foni ya vidiyo ya Lamlungu sadzavala jekete.

Ndine mlamu wanu wokukondani,
Lenia